Kolete yonyezimira ya pa mota: iti yoyenera kugula, ndipo avale ndani?

Makolete onyezimira, zovala zopanda manja zija zovala pamwamba pa malaya, adzaza m'misika yathu. Pitani ku msika wa Kwachena mumzinda wa Tete, ku Moatize, ku Ulónguè kapena pachipata cha Zóbuè, muwapeza atapachikidwa pamodzi ndi mababu, machubu ndi magalasi a mota (njinga yamoto). Masana onse amaoneka ofanana: nsalu yachikasu kapena ya mtundu wa lalanje, yokhala ndi mizere iwiri yotuwa. Kusiyana kwake kumadziwika usiku pamsewu wa N7, thiraki ikamakubwererani kumbuyo. Pa funso lakuti woyendetsa mota azivala kapena ayi, ife tikuti azivala, tsiku lililonse. Koma ambiri mwa makolete amene akugulidwa kuno amagwira theka la ntchito yokha, ndipo theka limene likusowalo ndi la usiku.

Kolete ili ndi zinthu ziwiri zosiyana ntchito. Choyamba ndi nsalu yowalayo. Utoto wake umatenga kuwala kwa dzuwa kumene maso athu saona n'kukubweza ngati kuwala kooneka, n'chifukwa chake imaoneka ngati ikuyaka m'mawa, madzulo ndiponso kukakhala mitambo kapena nkhungu. Mdima ukangogwa, ntchito yake yathera pomwepo. Nyali za galimoto siziidzutsa, imangokhala nsalu yoyererako basi. Chachiwiri ndi tepi yotuwa ija. Iyo masana ilibe phindu kwenikweni, koma usiku imatenga kuwala kwa nyali n'kukubwezera komwe kwachokera, kumene kuli maso a dalaivala. Amene wagula kolete ya nsalu yowala bwino koma tepi yabodza ali ndi chovala cha masana chokha, ngakhale iye amadziona wotetezeka akamayenda usiku. Vuto lalikulu lili apa, chifukwa munthu wodziona kuti akuoneka amayenda pakati pa msewu molimba mtima.

Taganizirani manambala awa. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala akaona chinthu, pamapita sekondi imodzi ndi theka kapena kuposa asanaponde buleki, ndiye mamita 33 apita kale. Thiraki yonyamula katundu imafunanso mamita ena oposa 40 kuti iime, ngati mabuleki ndi matayala ake ali bwino. Nyali zotsitsa nthawi zambiri zimaunika bwino mamita 50 kapena 60 okha. Munthu wovala jekete yakuda, pa mota yoti nyali yakumbuyo inapsa, amaoneka mochedwa moti dalaivala sangachitenso kanthu. Tepi yabwino imaoneka patali kuposa mamita 100, ndipo kusiyana kumeneku ndiye kumene mukugula.

Umboni wake ulipo. Kafukufuku amene anachitika ku Auckland, m'dziko la New Zealand, n'kusindikizidwa mu 2004 m'magazini ya zachipatala ya BMJ, anapeza kuti oyendetsa njinga zamoto ovala zowala kapena zonyezimira anali ndi chiopsezo cha ngozi yovulaza chochepa ndi 37 peresenti. Ovala kapasete (chipewa choteteza mutu) yoyera chiopsezo chawo chinali chochepa ndi 24 peresenti poyerekeza ndi ovala yakuda, ndipo oyatsa nyali masana chinali chochepa ndi 27 peresenti. Misewu ya kumeneko ili ndi magetsi ochuluka kuposa yathu. Kuno, kumene ukangotuluka m'tauni mdima uli bii, tepi ndi yofunika kwambiri.

Ya pamsika, yomata ndi zomatira

Iyi ndiyo yofala, ndipo mtengo wake sutalikirana ndi wa malita awiri a petulo. Nsalu yake ndi yopyapyala, kutsogolo imatsekedwa ndi zomatira zija zimalira ukamamatula. Ubwino wake ndi wakuti ndi yopepuka, imalowa m'thumba, ndipo ikadali yatsopano imaoneka bwino masana.

Zolakwika zake n'zambiri. Tepi yake kawirikawiri ndi yopapatiza, masentimita awiri kapena atatu, pamene yoyenera ndi masentimita 5. Pa ena si tepi yonyezimira n'komwe, ndi pulasitiki yopaka utoto wa siliva. Imanyezimira padzuwa ngati chitini, koma ikaunikidwa ndi nyali imamwaza kuwala mbali zonse m'malo mokubwezera kwa dalaivala. Zomatirazo zimadzaza fumbi ndi ulusi, kenako zimaleka kugwira. Mota ikafika makilomita 50 kapena 60 pa ola, mphepo imatsegula kolete, mbali ziwiri zakutsogolo zimathawira kumbuyo, ndipo pachifuwa pamene pamafunika kuoneka pamatsala malaya akuda. Kumsana nako imakwinyika n'kukwera kukhosi. Utoto wake suchedwa kutuwa ndi dzuwa la ku Tete: ikafika pooneka ngati udzu wouma, ntchito ya masana nayo yatha.

Sitikuti itayeni. Ngati ndi yokhayo imene mungakwanitse, sokererani zipi kapena mabatani awiri m'malo mwa zomatira, telala aliyense amachita zimenezi mosavuta, ndipo mugule tepi yeniyeni ya masentimita 5 kuti asokere pamwamba pa yabodzayo. Koma pogula musaiwerengere ngati chovala cha usiku.

Ya zipi, ya m'masitolo a zipangizo za ntchito

Iyi ndiyo tikulangiza. Imapezeka m'masitolo ogulitsa nsapato za ntchito, magolovesi ndi zipewa zolimba, amene ndi ochuluka ku Tete ndi ku Moatize chifukwa cha migodi ya malasha. Mtengo wake umaposa wa ya pamsika kangapo, koma imachita ntchito zonse ziwiri.

Yang'anani kachikwangwani kosokedwa mkati. Pazikhala mawu akuti EN ISO 20471, kachithunzi ka kolete, ndi nambala pambali pake: 1, 2 kapena 3. Muyezo umenewu unatuluka mu 2013 kulowa m'malo mwa wakale wa EN 471, ndipo nambalayo ikunena kuchuluka kwa nsalu yowala ndi tepi. Gulu 1 limafuna nsalu yowala yosachepera masikweya mita 0.14 ndi tepi 0.10. Gulu 2 limafuna nsalu 0.50 ndi tepi 0.13. Gulu 3 limafuna nsalu 0.80 ndi tepi 0.20, ndipo liyenera kukhala ndi manja kapena miyendo yokhala ndi tepi. Kolete yopanda manja imathera pa gulu 2, ndiye wogulitsa akakuuzani kuti yake ndi gulu 3, dziwani kuti sakunena zoona.

Kachikwangwani kakhoza kukhala kabodza, choncho dziyezereni nokha. Tepi ya masikweya mita 0.13, ikakhala ya masentimita 5 m'lifupi, ndiye kuti m'litali mwake yonse pamodzi ndi mamita 2.6. Tengani chingwe, tsatirani mizere yonse ya pa koleteyo, muone ngati ikufika pamenepo. Kenako yesani tepiyo musanalipire. Yatsani tochi ya foni, muigwire pafupi ndi diso lanu, pambali pa mphuno kapena pachipumi, wina aimirire ndi kolete pamalo amdima mamita 10 kapena kuposa. Tepi yeniyeni imayaka mbee mpaka kuthobwa m'maso. Mukatsitsa foni kufika m'chiuno, kuwalako kumachepa kwambiri, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chabwino, chifukwa zikusonyeza kuti ikubwezera kuwala komwe kwachokera. Yabodza imaoneka yotuwa chimodzimodzi kulikonse kumene mwaika foni. Njira ina yachidule ndi kujambula chithunzi muli mutayatsa fulashi: yeniyeni imatuluka yoyera kwambiri pachithunzipo.

Kuyesa kwa foni kuja kukutiphunzitsanso chinthu china chokhudza misewu yathu. Dalaivala wa galimoto yaing'ono maso ake ali pafupi ndi nyali zake. Wa thiraki amakhala pamwamba, kutali ndi nyali, ndiye tepi yomweyo kwa iye imaoneka yozimirira, makamaka akayandikira. Pa N7 ndi pa N304, msewu wopatukira pa Mussacama kupita ku Ulónguè ndi Calómuè, magalimoto oopsa kwambiri usiku ndi mathiraki opita ndi kuchokera ku Malawi. Tepi yofooka imene dalaivala wa chapa (minibasi) angaione pang'ono, wa thiraki mwina sangaione n'komwe.

Kaikidwe ka mizere nakonso n'kofunika kuposa momwe anthu amaganizira. Makolete ambiri ali ndi mizere iwiri yozungulira pamimba. Kwa munthu woimirira, wokonza msewu, zili bwino. Koma wokhala pa mota amapinda, mzere wapansi umabisika ndi thanki, ntchafu ndi manja, ndipo kumbuyo umabisika ndi katundu wa pakaliyala. Sankhani yokhala ndi mizere yodutsa pamapewa, kuchokera pachifuwa kukafika kumsana. Mapewa ndiwo amakhala pamwamba pa chilichonse. Onaninso kuti mzere wozungulira usaduke m'mbali mwa nthiti, chifukwa galimoto yotulukira pamphambano imakuonerani cham'mbali.

Tepi ili mitundu iwiri. Yotuwa ngati nsalu imapangidwa ndi timikanda tagalasi tating'onoting'ono tomatidwa pamwamba. Ndi yofewa, ndipo imabweza kuwala ngakhale kutachokera chopendekera, koma ikanyowa mphamvu yake imatsika, ndipo timikandato timathothoka ikamakhulidwa. Ina ndi yosalala ngati pulasitiki, yokhala ndi timabokosi tooneka mkati mwake. Iyi madzi saisokoneza kwambiri ndipo imapukutika mosavuta, koma ndi youma ndipo imasweka pamene mumaipinda kawirikawiri. Kwa oyenda ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumene mvula ndi yambiri, yosalalayo ndi yabwino. Kwa a ku Moatize nayonso ili ndi phindu, chifukwa fumbi la malasha limakanirira pa yotuwa ija koma pa yosalala limachoka ndi kansalu konyowa.

Za nsalu, kusankha kwake kukutengera kumene mumakhala. Mumzinda wa Tete, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo kolete ya nsalu yothithikana imathera pansi pa mpando chifukwa palibe angaipirire. Gulani ya timabowo ngati neti. Imawala pang'ono poyerekeza ndi yothithikana, makamaka mukavala malaya akuda mkati, ndiye mkatimo muzivala oyera. Kumtunda, ku Ulónguè ndi Dómuè, vuto ndi lina: mu Juni ndi Julayi anthu amavala majekete aakulu, ndipo kolete yothina imavalidwa mkati, kumene palibe angaione. Poyesa saizi, valani jekete yanu yozizira kapena ya mvula, kolete ibwere pamwamba, zipi itsekeke mpaka pachifuwa popanda kulendewera. Yaikulu kwambiri imakupiza ndi mphepo n'kutopetsa khosi.

Mtundu: wachikasu kapena wa lalanje? Wachikasu ndi wowala kwambiri madzulo ndi m'nkhungu, ndipo umasiyana bwino ndi udzu wouma, dothi lofiira ndi fumbi la chilimwe. M'dzinja, msewu ukadutsa pakati pa minda ya chimanga chobiriwira, wachikasu wopendekera ku msipu uja umasakanikirana ndi zakumbuyo, pamene wa lalanje umaonekera. Ngati mukugula imodzi yokha, tengani yachikasu yokhala ndi mapewa kapena m'mphepete mwa lalanje. Imene ili ndi dzina la kampani ya migodi kapena yofanana ndi ya apolisi a pamsewu isiyeni, ingakubweretsereni mafunso opanda pake.

Malamba ndi majekete a mvula

Pali malamba onyezimira odutsa pamapewa ndi m'chiuno, opanda nsalu. Satentha, amatambasuka pamwamba pa chovala chilichonse, ndipo usiku amagwira ntchito ngati tepi yake ili yeniyeni. Masana thandizo lake ndi lochepa. Ndi abwino ngati chachiwiri, osati cholowa m'malo mwa kolete.

Jekete ya mvula ya gulu 3, yokhala ndi tepi m'manja, ndiyo yoposa zonse kwa woyenda maulendo ataliatali usiku. Tepi ya m'manja imaonetsa kukula kwa munthu kuchokera kutsogolo, imaonekanso mukatambasula dzanja posonyeza kuti mukukhota. Koma ndi yodula, ndipo kuchigwa kwa Zambezi simungaivale miyezi yotentha. Zovala za ntchito za pakaunjika zokhala ndi tepi zimaoneka zokopa pamtengo, komabe zambiri zinachapidwa mpaka tepi kufa. Ziyeseni ndi tochi ngati zina zonse.

Amene ali kumbuyo ndiye avale

Apa ndi pamene oyendetsa taxi-mota ambiri amaphonya. Mwagula kolete yabwino, mwavala, kenako mwanyamula pasinjala wovala chitenje chakuda ndi juzi yakuda. Kwa galimoto yakumbuyo, kolete yanu kulibe. Msana umene ukuoneka ndi wa amayi amene mwawanyamulawo. Choncho wa taxi-mota aliyense woyenda kukada akhale ndi makolete awiri, ndipo ngati ilipo imodzi yokha, pamsewu waukulu usiku ivalidwe ndi pasinjala. Kutsogolo inu muli ndi nyali yaikulu yokuonetsani. Kumbuyo kuli kababu kamodzi kakang'ono, kamene nthawi zambiri kamakutidwa ndi fumbi, chitenje cholendewera kapena thumba. Apasinjala ena amakana chifukwa kolete ya ena imanunkha thukuta, ndipo sakulakwa. Ya pasinjala ikhale yaukhondo, yosungidwa m'jumbo, kapena mugwiritse malamba aja, amene anthu savuta kuwalandira.

Katundu ndi chimodzimodzi. Matumba a mbatata ya kachewere ochokera ku Tsangano, makala, madengu a tomato, mabokosi a zakumwa, zonsezi zimaphimba msana ndipo nthawi zina nyali yakumbuyo yomwe. Katundu akaposa mapewa anu, vekani kolete yakale pa katunduyo, muimange ndi mphira kuti mizere iyang'ane kumbuyo. Akatambalala m'mbali, ikani tepi kumapeto onse awiri, kuti wodutsa adziwe kukula kwake. Dalaivala akaona kanyali kamodzi amayesa malo a njinga yopanda katundu, n'kudutsa moyandikira mpaka kukhula thumba. Chikwama cha kumsana chimabisanso kolete: valani kolete pamwamba pa chikwama, kapena musokere tepi pachikwamapo.

Tepi yomata pa mota yeniyeniyo ndi yotsika mtengo ndipo siiwalika kunyumba. Yofiira ipite kumbuyo, pakaliyala ndi pa madigadi. Yoyera kutsogolo, yachikasu m'mbali. Musaike yofiira kutsogolo kapena yoyera yambiri kumbuyo, chifukwa dalaivala angasokonezeke osadziwa ngati mukubwera kapena mukupita. Pukutani malowo ndi sopo, aume, kenako matani ndi kudinikiza m'mphepete. Pa kapasete ikani tizidutswa tinayi, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, chifukwa mutu ndiwo sukwiririka ndi katundu.

Kuchapa ndi kusunga

Makolete ambiri amafa pochapa, osati pamsewu. Kachikwangwani ka yabwino kamanena kuchuluka kwa maulendo ochapa amene tepi ingapirire, kawirikawiri 25 kapena 50. Chapani ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono ndi sopo wochepa, mutaitembenuza. Musaikhule pamwala, musagwiritse bulashi, musathire javel (mankhwala oyeretsa zovala), musaifinye mopotokola. Zonsezi zimachotsa timikanda tija. Yanikani pamthunzi, chifukwa dzuwa limene limaiwalitsa ndi lomwenso limapha utoto wake, ndipo pa chifukwa chomwecho musaisiye pampando wa mota tsiku lonse podikira apasinjala ngati simunavale. Musasite pa tepi. Mafuta a injini akadonthera pa tepi, pamenepo pafa, ndiye vulani kolete musanayambe kukonza tcheni. Nsalu yake ndi poliyesita, imasungunuka ikakhudza ekizozi. Mwezi uliwonse bwerezani kuyesa kwa tochi, mutaika kolete yanu pambali pa yatsopano ya mnzanu. Ikaoneka yamawangamawanga kapena yozimirira, yakwana nthawi yosintha, ngakhale nsalu isanang'ambike.

Zimene kolete singachite

Tepi imadalira nyali za wina. Galimoto yoyenda yopanda nyali, njinga yakapalasa, ngolo ya ng'ombe, munthu wapansi, mbuzi, kwa onsewa tepi sithandiza kuti akuoneni. Galimoto yoima pamphambano nyali zake zimayang'ana kutsogolo kwake, osati kumene inu mukuchokera, ndiye tepi yanu siyaka mpaka mutafika pamaso pake. Pamenepo chokuonetsani ndi nyali yanu, ndipo chokupulumutsani ndi kuchepetsa liwiro, dzanja lili pa buleki. Nyali iziyaka ngakhale masana. Babu yakumbuyo ioneni m'mawa uliwonse: pondani buleki, ikani dzanja kumbuyo, muone ngati kuwala kukuwonjezeka.

Dzuwa likatsika nalonso limagonjetsa kolete. Mukaona chithunzithunzi chanu chatalika kutsogolo kwanu, dziwani kuti dzuwa lili kumbuyo kwanu ndipo likuthobwa onse amene akubwera kutsogolo. Kwa iwo ndinu chinthu chakuda, kaya mwavala mtundu wanji. Izi zimachitika madzulo kwa olowera cha kum'mawa, monga ochoka ku Tete kupita ku Moatize, ndi m'mawa kwa obwerera. Fumbi la thiraki pamsewu wadothi limabisa chilichonse: musalowe m'fumbimo kuti mudutse, dikirani lichepe. Malo amene mukuyenda pamsewu nawonso ndi nkhani. Musamayende mophatikana ndi thiraki kumbuyo kapena pambali pake, pamene simukuona galasi la dalaivala, chifukwa iyenso sakukuonani.

Komanso kolete si chishango. Munthu akagwa imang'ambika nthawi yomweyo, siteteza khungu kapena fupa. Kapasete yomanga lamba pachibwano, ya inu ndi ya pasinjala, imene malamulo a pamsewu a dziko lino amafuna, nsapato zotseka ndi jekete yolimba, zonsezi malo ake ndi osalowedwa. Ndalama zikakhala zochepa, yambani ndi kapasete, ndipo ikhale yoyera. Kenako babu yakumbuyo ndi tepi yomata. Kenako makolete awiri a zipi, a gulu 2, okhala ndi mizere ya pamapewa, oyesedwa ndi tochi musanatulutse ndalama. Magulu a taxi-mota amene amasindikiza manambala pamakolete awo awuze osindikiza kuti nambala ikhale pansalu, pakati pa mizere, isakwere pa tepi, ndipo isakule mpaka kudya msana wonse.